Matebulo Atatu a m'Sitima ya Titanic

Ana inu, m'phunziro lino ticoka kumtunda kuno, kumene ambiri a ife sitinaonepo nyanja yamcere, ndi kulowa m'sitima yapamadzi yochedwa Titanic. Kapena ena mwa inu munamvapo kuti sitimayi inamira. Zimenezo n'zoona, ndipo tidzafikako. Koma poyamba tione mmene anthu anali kukhalira m'kati mwake pa masiku asanu amene inayenda bwino: anali kudya ciani, kudyera kuti, ndi kugona kuti. Mudzaona kuti malo amene munthu anali kudyera anali ndi mbali yaikulu pa kupulumuka kapena kufa kwake.

Titanic inamangidwa ku Belfast, pa cisumbu ca Ireland, ndi kampani ya Harland and Wolff, ndipo eni ake anali a White Star Line. M'litali mwake inali mamita 269. Aphunzitsi, mukatuluka ndi ana ku bwalo lalikulu la mpira, muwauze kuti ayende utali wake kawiri ndi theka. Pamenepo adzadziwa kukula kwa combo cimeneci. Inanyamuka pa doko la Southampton, ku England, pa 10 April 1912, patangopita miyezi yowerengeka dziko lathu litapatsidwa dzina lakuti Northern Rhodesia. Inaima ku Cherbourg m'dziko la France, ndi ku Queenstown ku Ireland, niyamba ulendo wooloka nyanja ya Atlantic kunka ku New York. Masiku amenewo kunalibe ndeke zoolotsa anthu panyanja. Olemera ndi osauka omwe, akafuna kupita ku America, njira inali sitima basi.

Munali anthu oposa 2,200, ndipo pafupifupi 900 mwa iwo anali anchito. Pakati pa nyanja palibe msika, palibe munda, palibe citsime. Motero zonse zinalowetsedwa sitima isananyamuke: makilogramu 34,000 a nyama, mazira 40,000, matani 40 a mbatata za kacewere, pamodzi ndi nsomba, mkaka, ufa ndi zipatso. Zoonongeka msanga anazisunga m'zipinda zozizira za pansi. Koma cakudyaco sicinagawidwe mofanana, pakuti apaulendo anali m'makalasi atatu, monga mwa tikiti imene munthu anagula. Mai wina wolemera, Charlotte Cardeza, analipira £512 pa zipinda zake ndi za anthu ake. Wa m'kalasi yacitatu anali kulipira pafupifupi £8.

Tiyambe ndi a kalasi yoyamba. Nthawi ya cakudya ca madzulo ikayandikira, munthu wina anali kuyenda m'sitima akuliza lipenga, ndipo amuna ndi akazi anali kupita kukavala zovala zapadera zodyera. Cipinda cawo codyera cinali ca mamita 35 m'litali, cotambalala kucokera mbali imodzi ya sitima kufikira inzake, ndipo munali kukhala anthu oposa 500 nthawi imodzi. Kwathu mai amaika nsima ndi ndiwo pamphasa nthawi imodzi, tidya, tisamba m'manja, kwatha. Kumeneko sikunali tero. Mbale zinali kubwera motsatana, iyi ikacoka ibwera ina, ndipo iriyonse inali ndi foloko ndi mpeni wake. Mapepala olembedwapo zakudya za pa 14 April alipo kufikira lero, ndipo asonyeza magawo khumi. Anayamba ndi nkhono za m'nyanja, kenaka supu, kenaka nsomba ya salmon. Pambuyo pake panabwera nyama yang'ombe, yankhuku, yamwana wa nkhosa ndi yabakha, panabweranso maunda oocha, ndipo anatsiriza ndi zotsekemera ndi aisikirimu. Munthu sanali kukakamizidwa kudya zonse, koma cakudya cotere cinali kutenga maola.

Ngakhale zinali tero, ena anafuna zoposa apa. Kwa iwo kunali lesitilanti ina yolipira padera, yoyang'aniridwa ndi Luigi Gatti, munthu wa ku Italy, amene anabwera ndi ophika ndi operekera ake, ambiri a ku Italy ndi ku France. Pakati pa cakudya ndi cakudya olemerawa anali ndi zambiri zotayira nthawi. Munali dziwe losambiramo, cipinda ca nthunzi yotentha, malo owerengera mabuku, ometa tsitsi, ndi zikepe zitatu zowakweza kuti asatope ndi makwerero. M'cipinda colimbitsira thupi munali kavalo ndi ngamila zamagetsi, zimene munthu anali kukwera nizimgwedeza monga ali paulendo. Munalinso oimba asanu ndi atatu, mtsogoleri wawo Wallace Hartley.

A kalasi yaciwiri anali anthu monga aphunzitsi, abusa ndi amalonda. Mmodzi wa iwo anali Lawrence Beesley, mphunzitsi wa sayansi, amene anapulumuka nalemba zimene anaona. Cakudya cawo cinali kuphikidwa m'khichini imodzi ndi ca kalasi yoyamba, koma mbale zinali zocepa. Madzulo otsiriza aja anasankha pakati pa nsomba, nkhuku ndi mpunga, nyama yankhosa ndi nkhukundembo.

Tsopano titsike makwerero kunka pansi, kwa a kalasi yacitatu, amene anali oposa 700. Ambiri anali mabanja osamuka kwawo ku Ireland, England, Sweden, Finland ndi Syria kukafuna nchito ku America, atanyamula zonse zimene anali nazo. Cipinda cawo codyera cinali ndi malo 473 okha, motero anali kudya mosinthana, gulu ili likatuluka lilowa linzake. Pa 14 April m'mawa anadya phala ndi mkaka, nsomba zowamba, mazira ndi nyama yankhumba, buledi ndi batala, ndi tiyi kapena khofi. Masana anapatsidwa supu ya mpunga, nyama yang'ombe yoocha ndi msuzi wake, cimanga cotsekemera, mbatata zophika ndi zipatso. Madzulo kunali nyama yozizira, chizi, buledi, ndi nkhuyu zophika ndi mpunga. Pansi pa pepala la zakudyazo panali mau ouza munthu kuti akaona colakwa pa cakudya, kapena wanchito akamcita cipongwe, akanene kwa mkulu woyang'anira.

Musaganize tsono kuti anthuwa anali ndi njala. Ambiri a iwo sanadyepo cotere kwawo, ndipo zaka makumi angapo m'mbuyomo osamuka otere anali kunyamula kamba wawo ndi mbale zawo, nagona mothithikana m'cipinda cimodzi cacikulu. Mu Titanic mabanja anali ndi tizipinda tawo. Komabe kusiyana kunalipo, ndipo kunali kwakukulu. Anthu 700 onsewo anali ndi mabafa awiri okha, limodzi la amuna, lina la akazi. Ndiponso panali zipata zowaletsa kukwera kumalo a makalasi enawo, cifukwa lamulo la ku America linafuna kuti osamuka akhale paokha kufikira atapimidwa matenda pofika ku New York. Zipata zimenezi muzikumbukire.

Pansi penipeni, kumene apaulendo sanali kufikako, kunali amuna osonkha moto. Magetsi, zikepe, madzi otentha ndi liwiro la sitima zonse zinali kucokera m'manja mwawo, pakuti tsiku lirilonse anali kuponya matani oposa 600 a malasha m'ng'anjo 159 ndi mafosholo.

Cinthu cina cimene olemera anakondwera naco ndico wailesi. Sinali yomvera nyimbo ngati yathu, koma yotumizira mauthenga, ndipo munthu anali kulipira kuti apereke moni kwa abale ake kumtunda. Anyamata awiri, Jack Phillips ndi Harold Bride, anali nayo nchito imeneyi. Pa 14 April sitima zina zinatumiza macenjezo akuti kutsogolo kuli mapiri a madzi oundana, amene amasweka kumaiko ozizira a kumpoto nayandama panyanja, mbali yaikulu iri yobisika pansi pa madzi. Macenjezo ena anafika kwa kapitao Edward Smith. Koma usiku uja Phillips anali ndi mulu wa mauthenga a apaulendo, ndipo cenjezo locokera ku sitima ya Mesaba silinafike kwa oyendetsa. Nthawi ya 23.40 Titanic inagunda phiri lotere, ndipo pa 02.20 m'mawa wa pa 15 April inamira.

Mabwato opulumukira analipo 20, okwana anthu 1,178. Eni sitima sanaswe lamulo, cifukwa lamulo la 1894 linafuna mabwato 16 pa sitima iriyonse yoposa matani 10,000, ndipo silinasinthidwe ngakhale Titanic inali ya matani 46,000. Mabwatowo anali pamwamba penipeni, pafupi ndi malo a kalasi yoyamba ndi yaciwiri. Wa kalasi yacitatu anayenera kupeza njira m'makonde okhotakhota ndi makwerero amene sanapondepo, pena osamva ndi Cingelezi comwe. Taonani ziwerengero za bwalo lofufuza la ku Britain. Mwa anthu 325 a kalasi yoyamba, anapulumuka oposa 200, ndiko kuti atatu mwa asanu alionse. Mwa 706 a kalasi yacitatu anapulumuka 178, mmodzi mwa anayi. Ana onse a kalasi yaciwiri anapulumuka, ndipo m'kalasi yoyamba munafa mwana mmodzi, koma mwa ana 79 a kalasi yacitatu anatsala 27 okha.

Anchito nawonso anafa ambiri. Mwa anthu a lesitilanti ya Gatti, amene anali pafupifupi 70, anapulumuka atatu. Oimba onse anafa. Mkulu wa ophika buledi, Charles Joughin, atamva kuti mabwato ali kutsitsidwa, anatuma anyamata ake 13, yense ndi mitanda inayi ya buledi, kuti akaike m'mabwatomo. Iye mwini anagwa m'madzi, koma anapulumuka. Kutaca sitima ya Carpathia inatola anthu oposa 700. Oposa 1,500 anafa.

M'caka ca 1914 maiko anasonkhana ku London napangana za citetezo ca moyo panyanja, ndipo kucokera m'pangano limenelo ndi ena otsatira munatuluka lamulo lakuti m'mabwato mukhale malo a munthu aliyense, ndi kuti wailesi ya sitima izimvetseredwa usana ndi usiku. Kuyambira 1958 ndeke za jeti zinayamba kuoloka Atlantic m'maola ocepa, ndipo sitima zazikulu zinasowa apaulendo. Zambiri za lero zimanyamula anthu ongopita kukasangalala, ndipo zina n'zazikulu koposa Titanic, zokhala ndi malo odyera ambirimbiri ndi maiwe osambiramo. Koma sitima yotere isananyamuke, kapena itangonyamuka, wapaulendo aliyense, wa cipinda capamwamba ndi wa capansi yemwe, amasonyezedwa kavalidwe ka jekete yoyandamitsa ndi malo amene ayenera kusonkhana belu langozi likalira.