Trail Ridge: msewu wa pamsana pa phiri

Ku Colorado, m'dziko la America, kuli msewu wa phula umene umakwera kufika mamita 3,713, kuposa nsonga ya Sapitwa ndi mamita pafupifupi 700. Dzina lake ndi Trail Ridge Road. Umayenda makilomita 77 kuchokera ku Estes Park kukafika ku Grand Lake, kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Rocky Mountain.

Njirayi inayamba ndi mapazi. Azungu asanafike, anthu a mitundu ya Ute ndi Arapaho ankadzera pamsana pa phiri limeneli popita kokasaka nyama.

Pamene boma linkakhazikitsa nkhalangoyi mu 1915, n'kuti ntchito yolambula msewu woyamba, wa Fall River, ili m'kati. Oyamba kuswa miyala anali akaidi. Msewuwo unatsegulidwa mu 1920, koma unali wopapatiza, wa chitunda choopsa ndi makona akuthwa moti madalaivala ena ankayamba abwerera chambuyo kuti akhote. Chipale chofewa nacho chinkaunjikana m'chigwamo mpaka kuutsekeratu.

Akuluakulu a nkhalangoyi anaganiza zosiya chigwa n'kukweza msewu watsopano pamtunda, pomwe mphepo imasesa chipale ndipo maso amaona kutali. Ntchito inayamba mu 1929. Chifukwa cha kuzizira, amisiri ankagwira miyezi inayi yokha pachaka. Analamulidwanso kuti asawononge malo: makoma a m'mbali ankamangira miyala ya pomwepo, ndipo ankasamala timaudzu ta pamwambapo, popeza tikapondedwa timatenga zaka zambiri kuti tiphukenso. Mu 1932 magalimoto anayamba kudutsa, ndipo chigawo chotsikira ku Grand Lake chinatha mu 1938.

Phindu la khama limeneli likuoneka lero. Chitunda cha msewu watsopanowu n'chosavuta kukwera, ndipo pamtunda wa makilomita pafupifupi 18 msewu umayenda pamwamba pomwe mitengo simera. Pamalo ena a pamsewuwu, otchedwa Milner Pass, madzi a mvula amagawikana: ena amalowera ku nyanja ya Atlantic, ena ku Pacific.

Komabe phirili silinagonje. Chaka ndi chaka makina amayamba kukumba chipale mu Epulo kuti msewu utsegulidwe chakumapeto kwa Meyi, ndipo pofika Okutobala umatsekedwanso. Msewu wakale wa Fall River ukadalipo, wafumbi, ndipo magalimoto amaloledwa kukwera kokha, osatsika.