Thandizo kwa Ogwira Ntchito Fakitale Ikatseka ndi Kusamukira Kunja

Unduna wa Zantchito ukufotokozera anthu a m'boma la Mangochi ndi madera onse a kumwera kwa nyanja zimene malamulo a dziko lino amapereka kwa munthu amene ntchito yamuthera chifukwa kampani yatseka fakitale n'kuyamba kupangira katundu wake kunja. M'Malawi muno mulibe thumba la boma lolipira mwezi ndi mwezi anthu amene ntchito yawathera, monga la UIF la ku South Africa. Chimene boma limachita ndi kukakamiza wolemba ntchito kupereka zonse zoyenera, ndiponso kumva madandaulo a amene sanalipidwe.

Gwero la vutoli

Mafakitale osoka zovala a ku Blantyre ndi ku Limbe ndiwo chitsanzo chodziwika. Lamulo la AGOA, limene dziko la United States lidakhazikitsa mu 2000, lidalola zovala zosokedwa kuno kulowa m'dzikolo popanda msonkho. Koma pa 1 Januwale 2005 malire a kuchuluka kwa zovala zimene maiko a ku Asia ankaloledwa kugulitsa ku America ndi ku Ulaya adachotsedwa, ndipo ogula ambiri adatembenukira ku China ndi ku Bangladesh. Ntchito zosoka zidachepa kuno. Fakitale ikatseka m'tauni, ululu umafikanso ku Namwera, ku Makanjira ndi ku Monkey Bay, kumene mabanja amadalira ndalama zotumizidwa ndi abale, ndipo amalonda amataya makasitomala.

Ndalama zolekera ntchito

Gawo 35 la lamulo la Employment Act la 2000, monga lidakonzedwera mu 2010, likulamula kuti munthu wochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, yasintha kayendetsedwe kake kapena yalowa m'mavuto a zachuma, alandire ndalama zolekera ntchito, zotchedwa severance allowance. Woyenera kulandira ndi amene wakwanitsa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Chaka chilichonse chathunthu chimawerengedwa motere:

Chaka choyamba mpaka chachisanu: malipiro a masabata awiri pa chaka.
Chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi: malipiro a masabata atatu pa chaka.
Kuyambira chaka cha 11: malipiro a masabata anayi pa chaka.

Mwachitsanzo, munthu amene wagwira zaka 12 ndipo amalandira K40,000 pa sabata, zaka zisanu zoyamba zimupatsa masabata 10, zisanu zotsatira masabata 15, ziwiri zomaliza masabata 8. Onse pamodzi ndi masabata 33, ndiye kuti K1,320,000.

Ndalamazi saperekedwa kwa amene akadali pa nthawi yoyesedwa, amene wachotsedwa moyenera chifukwa cholakwira malamulo a pantchito, kapena amene wakana popanda chifukwa chomveka ntchito ina yosachepera pa yakaleyo imene bwana wake wamupatsa pamalo omwewo.

Zina zoyenera kulandira

Wolandira malipiro pamwezi apatsidwe notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mweziwo m'malo mwa notisi. Alipidwenso masiku onse amene wagwira ndi masiku a tchuthi amene sanapite. Malipirowa aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Wogwira ntchito apemphenso kalata yosonyeza nthawi imene wagwira ndi mtundu wa ntchito yake, chifukwa idzamuthandiza pofuna ntchito kwina.

Penshoni ndi yosiyana ndi ndalama zolekera ntchito, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Mwezi uliwonse wolemba ntchito amayenera kuika ku thumba la penshoni ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wogwira ntchito n'kuikapo K5. Lamulo la Pension Act la 2023 limalola munthu amene wakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina kupempha gawo la ndalamazo. Ngati bwana ankadula ndalama koma osatumiza, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira matumba a penshoni.

Kokadandaula

Amene sanalipidwe, kapena akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo, apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma, imene ambiri amaitcha ofesi ya leba. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liperekedwe pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Mkulu wa zantchito akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo, nkhani imapita ku bwalo la Industrial Relations Court. Amene wabwerera kumudzi asadikire kuti adzayambe wakolola kapena wapeza ndalama ya ulendo: ofesi ya pa Boma la Mangochi ingamulangize koyambira. Atenge chiphaso cha unzika, kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro ndi kalata yochotsedwera.

Kuyambanso moyo wina

Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi ndi kusoka, ndipo amene akufuna luso latsopano angafunse za malo ku ofesi ya zantchito. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, choncho kuchotsedwa ntchito pakokha sikumulowetsa munthu m'ndondomekoyi.

Unduna ukulangiza ogwira ntchito onse kuti asasayine pepala lovomereza kuti alandira zonse asanawerengetse zaka zawo ndi kufunsa ku ofesi ya zantchito.