"Yafeila" Si Dzina la Matenda

Abale anga a m'mbali mwa nyanja ino, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Chia, ana athu ophunzira zamakompyuta atibweretsera liwu limene likumeza anzake onse. Intaneti ikaduka, akuti yafeila. Pulogalamu ikakana kulowa, yafeila. Magetsi akathima ntchito ili mkati, yafeilanso. Liwuli lili ndi mphwake, "kupanga": ndapanga update, ndapanga install, ndapanga run. Mawu obwereka sindidana nawo ayi. Sukulu, tebulo ndi kompyuta tidawalandira kalekale ndipo adakhazikika pakhomo. Chondiwawa n'chakuti "yafeila" ndi "kupanga" akupha aneni athu, ndipo mneni akafa, munthu amaleka kuona chimene chachitika pamaso pake.

Tengani vuto limene limasowetsa tulo olemba mapulogalamu. Zinenero monga Ruby, Python ndi R zimayenda ndi maphukusi olembedwa ndi anthu ena, amene a Ruby amawatcha gem. Musayese kuti nkhaniyi ndi yakutali: makina okhudza ndi chala amene a Baobab Health Trust adafalitsa m'zipatala zambiri za dziko lino adalembedwa ndi Ruby on Rails, ndipo olemba ake ambiri anali ana a kuno kwathu. Maphukusi ena amabwera okonzeka kale. Ena amabwera ndi zigawo zolembedwa m'chinenero cha C, zoti zimangidwe pa kompyuta yanu yomweyo. Zili ngati kuitanitsa boti koma n'kulandira matabwa: mmisiri akhomerere pagombe pomwepo, ndipo ngati palibe sowo, misomali ndi phula, matabwawo adzakhalabe matabwa. Tsono mukati musinthe phukusi lakale n'kuika latsopano, kumangako kumayambiranso pachiyambi. Walira mvula walira matope.

Ndidaonapo mnyamata wina m'kaofesi kena pa boma akulimbana ndi phukusi la mysql2. Mizere idangoti mbwee pa sikirini, ndipo pakati pake panali chiganizo chodziwika chija, "Failed to build gem native extension". Iye adaimbira mnzake wa ku Lilongwe n'kunena kuti, "Aise, ndimapanga update ndiye yangofeila." Mnzakeyo akadayankha chiyani? Chonsecho m'mizere yomweyo makina anali atanena kale kuti laibulale ya MySQL sakuiona, atatchula dzina la phukusi loti aike, libmysqlclient-dev, n'kulozanso fayilo ya mkmf.log momwe mudalembedwa zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma munthu amene wanena kale kuti "yafeila" amaona ngati watha kufotokoza, choncho sabwereranso kukawerenga.

Chichewa chathu sichilola ulesi wotere. Taonani mneni mmodzi yekhayu. "Ndalephera" akuloza wochita. "Zalephereka" akubisa wochitayo n'kungonena za ntchito. "Chalepheretsa n'chiyani?" akukutumani kukafunafuna gwero. Misintho ya aneni imene tidaphunzira kupulayimale tikuyasamula, ndiyo njira yeniyeni yofufuzira vuto la makina. Mukati "phukusi silikumangika", m'kamwa mwanu momwemo mwabadwa kale funso lakuti chikulepheretsa n'chiyani. "Yafeila" alibe mwana.

Ndipo mayankho ake tili nawo, aliyense ndi mneni wake. Kawirikawiri chinthu chimakhala chasowa. Pa Ubuntu watsopano mwina mulibe gcc ndi make, zida zomangira zimene zimabwera ndi build-essential. Mwina mulibe ruby.h kapena Python.h, timafayilo topezeka mu ruby-dev ndi python3-dev. Apa pali kamsampha kamene kamakola ngakhale akatswiri: laibulale ikhoza kukhalamo n'kumagwira ntchito bwinobwino, koma mbali yake yomangira, ija yothera ndi -dev, kulibe. Munthu wa R woika phukusi la sf lojambulira mapu a madoko ndi malo opherako nsomba amakumana ndi zomwezo ngati GDAL, GEOS ndi PROJ sizinaikidwe. Onsewa anene kuti "chasowa", ndipo atchule chosowacho.

Nthawi zina palibe chasowa, koma zasemphana. OpenSSL 3.0 adatuluka mu 2021, Ubuntu 22.04 n'kubwera naye mu 2022, pamene Ruby wakale, monga 2.7 ndi 3.0, adalembedwa podalira OpenSSL 1.1. Zonse zilipo, koma sizikumvana, ndipo kuika build-essential kakhumi sikungathandize. Pena chinthu chimachita kuchotsedwa dala: Python 3.12 wa mu 2023 adasiya distutils, choncho maphukusi akale oidalira adaleka kumangika. Kusowa, kusemphana ndi kuchotsedwa ndi matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Onjezanipo "yakana", pamene makina sakukupatsani chilolezo cholemba m'malo ena, ndi "yadukira panjira", pamene netiweki yathu ya kunyanja kuno yathawa fayilo isanathe kutsika.

Za mgwirizano wa mayina ndingodutsamo, ngakhale zimandiwawa khutu. Timati pulogalamu yalowa, mapulogalamu alowa; phukusi lakana, maphukusi akana; laibulale yasowa, malaibulale asowa. "Ma package yakana" si Chichewa cha ku Linga, si cha ku Dedza, si cha kulikonse. Polemba, kumbukirani kankhodolero: m'kompyuta, m'fayilo, n'chiyani. Ndipo m'malo mwa "kupanga" uja, ikani phukusi, tsitsani fayilo, yendetsani pulogalamu, sinthani lakale. Kupanga tikusiyire wopanga mipando.

Wina anditsutsa kuti, "Akulu, nanga compiler tinene kuti chiyani?" Nenani compiler, mwana wanga, palibe mlandu. Mayina a zida amabwera ndi zidazo, ndipo kusula atsopano ndi ntchito imene a Centre for Language Studies ku Zomba akhala akugwira kuyambira 1996, atalowa m'malo mwa Chichewa Board. Dzina lachilendo likhoza kukhala m'chiganizo chathu popanda kuchiwononga, bola mneni ndi mgwirizano zikhale zathu: compiler yasowa, osati "compiler ili missing".

Mnyamata wofuna thandizo kwa mnzake wakutali, amene sangaone sikirini yake, alembe motere pa WhatsApp: "Achimwene, ndimasintha phukusi la mysql2 pa Ubuntu 22.04. Latsika lonse koma silikumangika. Zida zomangira zilipo, chasowa ndi mbali yomangira ya laibulale ya MySQL. Kodi ndiike libmysqlclient-dev kapena libmariadb-dev?" Mnzakeyo amufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati pamakinapo pali MySQL kapena MariaDB, kenako amutumizira mzere umodzi woti alembe.