DUAT, NUIT, MT: mayina achidule ndi kalembedwe kake

Mapepala a boma ndi nkhani za pa wailesi zadzaza ndi mayina achidule. Pa Chipwitikizi amawagawa pawiri. Ena amatchulidwa chilembo chimodzichimodzi, monga BI, kutanthauza Bilhete de Identidade, chiphaso cha nzika. Ena amawerengedwa ngati liwu limodzi, monga DUAT ndi NUIT.

DUAT ndi Direito de Uso e Aproveitamento da Terra, ufulu wogwiritsa ntchito malo. Malinga ndi lamulo la malo la 1997, nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, choncho mlimi amakhala ndi DUAT, osati umwini wa nthakayo. NUIT ndi Número Único de Identificação Tributária, nambala ya msonkho ya manambala 9. SDAE ndi Serviço Distrital de Actividades Económicas, ofesi ya m'boma imene alangizi a zaulimi amachokerako.

Polemba, dzina litchulidwe lonse koyamba, pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, kenako chidule chokha chikwanira. Zilembo zikhale zazikulu, popanda timadontho pakati. Miyeso ili ndi lamulo lake: kg ndi ha zimalembedwa ndi zilembo zazing'ono, ndipo sizionjezeredwa "s" ngakhale makilo achuluke.

Vuto lenileni lili m'malire. Mlimi wa ku Angónia kapena Tsangano amamvanso mawailesi a ku Malawi, kumene zidule zimachokera ku Chingerezi. OMS ya kuno ndi WHO ya uko, ONU ndi UN, SIDA ndi AIDS, imene tonse timangoti Edzi. Koma SADC sisintha.

Choopsa kwambiri ndi MT. Kuno MT ndi metical, koma pa mapepala a Chingerezi a malonda a chimanga kapena soya, MT nthawi zambiri amatanthauza tani ya makilo 1000. Munthu akaona "20 MT" pa pepala lochokera ku Dedza, afunse kaye ngati akunena ndalama kapena kulemera asanasaine. Kwa ife olemba nkhani, kuli bwino kulemba "meticais" kapena "matani" mawu onse. Zilembo zochepa zimene tingapulumutse sizilingana ndi mkangano wa pa sikelo.

Zidule zimasinthanso. Bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linali INGC, koma kuyambira 2020 ndi INGD. Chenjezo la madzi osefukira likabwera ndi dzina latsopanoli, ndi bungwe lomwe lija.