Sitima ya ku Paris ndi udzudzu wa kuno

Mukafufuza pa intaneti za mbiri ya kanema, mudzakumana ndi nkhani yakuti anthu a ku Paris anathawa m'holo ataona sitima ya abale a Lumière ikubwera pa chinsalu. Mu 2004, Martin Loiperdinger wa ku Germany anafufuza zolembedwa za nthawiyo ndipo sanapeze lipoti lililonse la anthu othawa. Filimuyo sinali nawo ngakhale pa chionetsero chotchuka cha pa 28 December 1895. Nkhaniyo inakula chabe chifukwa olemba anali kukoperana.

Nafenso atsamunda anatipekera yathu. Anali kunena kuti anthu akuda ataona udzudzu wokulitsidwa mu filimu ya malungo anati kwawo kulibe udzudzu waukulu chotero, choncho alibe choopa. Wolemba mbiri James Burns anaonetsa kuti nkhani zotere zinali kungosamuka dziko ndi dziko, wina kumva kwa mnzake. Koma zinali ndi zotsatira. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, analimbikira kuti Afirika aziwapangira mafilimu oyenda pang'onopang'ono. Kuno ku Northern Rhodesia, mafilimu oonetsa anthu akuda anali kudulidwa zigawo asanafike ku makomboni a migodi.

Amene anapita kukakhala pakati pa oonerera anapeza zosiyana. Hortense Powdermaker, ali ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza anthu okonda mafilimu a makaubhoyi, akukuwa ndi kuchemerera ngwazi imene anali kuitcha Jack. Palibe anali kuthawa akavalo.

Masiku ano kukoperana kuja kumathamanga kwambiri. Wina alemba bodza pa Wikipedia, mtolankhani alikopera, ndiye nyuzipepalayo isanduka umboni wa tsamba lomwelo. Mu 2012 wophunzira wina analemba kuti Alan MacMasters ndiye anayambitsa makina owotchera buledi. Manyuzipepala anabwereza bodzali mpaka linaululika mu 2022.

Mbiri ya kanema wa mu Zambia inalembedwa pang'ono, choncho bodza likalowamo lingakhale zaka popanda wolitsutsa. Mukaona nkhani pa foni kapena kuimva pa wailesi, funsani kuti anaiona ndani ndipo anailemba liti. Masamba khumi okopera limodzi ndi mboni imodzi chabe. Muno mu Chawama muli agogo amene anaonerera baisikopo ya masiku amenewo. Afunseni akali moyo, ndipo lembani dzina, malo ndi chaka.