Mmene tizilombo timachotsera fosifolasi m'madzi a m'suweji

Madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi malo ochapira amakhala ndi mchere wa fosifolasi, womwe alimi amaudziwa ndi chilembo cha P pa thumba la feteleza wa NPK. M'munda mcherewu ndi chakudya cha chimanga, koma ukachuluka m'mtsinje umanenepetsa ndere ndi namasupuni. Zomerazi zikafa n'kuyamba kuwola zimamaliza mpweya wa m'madzi, ndipo nsomba zimafa.

Nkhaniyi ikukhudza maboma a Ntchisi ndi Dowa chifukwa madzi otsika m'mapiri a kumeneku amathera m'nyanja ya Malawi. Ena amadzera mumtsinje wa Bua, momwe nsomba za mpasa zimakwera kukaswana, pomwe ena amathira ku Chia m'boma la Nkhotakota.

Njira yochotsera fosifolasi pogwiritsa ntchito mabakiteriya inakhazikika m'zaka za m'ma 1970 m'dziko la South Africa, ndipo katswiri yemwe amadziwika nayo kwambiri ndi James Barnard. Nzeru yake yagona pa kusinthasintha malo omwe tizilomboti tikukhala.

Poyamba madziwo amalowa m'thanki yopanda mpweya wa okosijeni. Mmenemo mabakiteriya ambiri amafooka, koma gulu lina, lomwe mwa ilo muli mtundu wotchedwa Accumulibacter, limapitiriza kudya. Limameza timaasidi topezeka m'zonyansa zomwe zayamba kusasa n'kutisunga m'thupi ngati nkhokwe. Mphamvu yochitira izi limaipeza pophwanya fosifolasi yemwe linasunga kale n'kumutulutsira m'madzi. Choncho m'thanki yoyambayi fosifolasi amayamba wachuluka, zomwe zingadabwitse munthu woyeza madzi amene sakuidziwa njirayi.

Kenako madziwo amapita m'thanki ina momwe makina amapopera mpweya. Apa tizilombo tija timagwiritsa ntchito chakudya chomwe tinasunga, timaswana, ndipo timameza fosifolasi wochuluka kuposa yemwe tinatulutsa. Madziwo akadikha tizilomboti timakhala pansi ngati matope. Gawo lina la matopewo limabwezedwa ku thanki yoyamba, lina limachotsedwa, ndipo fosifolasi amatuluka nalo limodzi. Matope ochotsedwawa akasiyidwa nthawi yaitali popanda mpweya, tizilombo timalavulanso fosifolasi uja, ntchito yonse n'kupita pachabe.

Ubwino wa njirayi ndi woti safuna mankhwala a ayironi kapena aluminiyamu, omwe dziko lino likadayenera kugula kunja ndi ndalama zakunja. Matope ake akakonzedwa bwino angathe kukhala manyowa. Komabe imafuna magetsi osadukiza ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa bwino. Nthawi ya dzinja madzi a mvula akalowa m'mapaipi amasungunula chakudya cha tizilomboti, ndipo ntchito imabwerera m'mbuyo.

M'dziko muno njira yofala ndi ya maiwe osefera madzi, monga a ku Kauma mumzinda wa Lilongwe. Maiwe otere ndi otsika mtengo ndipo amachepetsa tizilombo toyambitsa matenda, koma fosifolasi amachotsa pang'ono chabe. Ku Ntchisi, Dowa ndi Mponela anthu ambiri amadalira zimbudzi zokumba ndi maseputiki thanki, kotero funso lomwe makhonsolo akuyenera kuyankha msanga ndi la komwe zopopedwa m'maenjewa zikukatayidwa.

Lamulo la madzi la 2013 limaletsa kuthira madzi oipa m'mitsinje popanda chilolezo, ndipo bungwe loona za izi ndi National Water Resources Authority.