Ndani Asankhe Oweruza Chinenero?

M'chaka cha 1900 mamishoni a m'Nyasaland anakhazikitsa bungwe lomasulira Baibulo m'Chinyanja chimodzi chomveka kwa onse. Munali Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi William Murray wa ku Mvera, kuti Chinyanja cha kummwera ndi cha pakati zikumane; ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Koma pamene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, boma ndilo linasankha anthu ake, ndipo mawu a Kamuzu Banda anaposa a onse. Taonani, aphunzitsi: wosankha oweruza waweruza kale mlandu. Chifukwa chake osankhawo achokere kumadera onse, pakuti mutu umodzi susenza denga.